Firiji ya Mdadada Wonse

Mwana wanga anachedwa chaka chathunthu kuyamba sukulu ya unamwino chifukwa cha firiji. Sanadwale, kunalibe maliro, ndipo mayeso anakhoza bwinobwino. Chinamuchedwetsa ndi firiji yoyera ya zitseko ziwiri imene ine mayi wake, mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 6, ndinakatenga pangongole kuti anthu a pamdadada azindipatsa ulemu.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chilomoni, kumtunda ndithu, kumene minibasi ikakutsitsa umatsala ndi chikweza choti ukwere ndi miyendo yako. Nyumba yake inali ya mdadada, makomo asanu ndi limodzi, mpope umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Ine ndi mtsikana wanga, amene anali Fomu 2, tinali khomo lachitatu. Bambo ake anatisiya iye ali wakhanda, ndipo za iwowo tisiyire pomwepa. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayiveti, kumene malipiro ankabwera makolo akakumbuka kulipira fizi. Pamdadada ankanditchula kuti madamu. Dzina limeneli ndinkalikonda koopsa, moti munthu akandiitana mwanjira ina ndinkayamba ndakhala ngati sindinamve.

Vuto linali loti m'nyumba mwa madamuwo munalibe kanthu kosonyeza umadamu. Khomo loyamba kunkakhala amake mapasa, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo anali ndi kanema wamkulu woti mdadada wonse unkaonerapo mpira. Alandilodi, amene ankakhala khomo lomaliza, anali ndi masofa. Ine ndinali ndi mabuku, mbaula, ndi mipando itatu ya pulasitiki, umodzi womanga ndi waya. Zinkandiwawa, ndisaname.

Loweruka lina ndili mtauni ndinadutsa pa shopu ina ya katundu wa m'nyumba. Panja anaika chimkuzamawu chikungobwereza kuti tengani lero, muzilipira pang'onopang'ono. Ine ndinangolowa kuti ndipumeko dzuwa. Bambo wina wa taye yofiira anandipeza nditaima kutsogolo kwa firiji ndikudziyang'anira pachitseko chake, n'kuti, "Madamu, imeneyi ndi yanu. Ikukudikirani inuyo."

Palibe anamuuza kuti ndine madamu, anangoona yekha. Apo ndiye anandimaliza.

Ankangofuna chitupa, pepala la malipiro anga, kalata ya kuntchito ndi dipoziti yochepa. Ndalama ya pamwezi atayitchula anati, "Imeneyi ndi ya ndiwo chabe, madamu." Inalidi yooneka yochepa. Kuti ndiichulukitse ndi miyezi ya zaka ziwiri, ayi, sindinatero. Ndinadzachulukitsa patapita zaka, n'kupeza kuti ndinavomera kulipira mtengo wa mafiriji awiri ndi chenji yogulira ketulo. Ine amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti werengani funso musanayankhe, anandipatsa fomu ya masamba anayi a zilembo zing'onozing'ono, ndinangofunsa kuti ndisayine pati. Ndinasayina siginecha yanga yaikulu ija, ya mchira wopindika, imene ndimaika pa malipoti a ana.

Masamu amene ndinachita anali a mu minibasi pobwerera, ndipo anali okoma bwanji! Ndinati ndizipanga mafirizi, tizakumwa tozizira ta m'timapepala tija, n'kumakagulitsa kusukulu pa buleki. Ana onse aja, aliyense firizi mmodzi patsiku, firiji idzilipira yokha, ine n'kumangowerenga phindu. Pofika pa siteji ndinali nditagula kale masofa m'mutu mwanga.

Oyendetsa lole ndinawapempha kuti abwere madzulo, anthu ataweruka, ndiponso kuti aimbe hutala. Lole sinathe kufika pakhomo chifukwa cha miyala, choncho amuna anayi anainyamula firijiyo kukwera nayo kanjira kathu, ine ndili patsogolo kulamula kuti samalani, samalani. Mdadada wonse unatuluka. Amake mapasa anagwira pakamwa n'kuti, "Iii, madamu! Koma inu ndiye mwatiphera pomwepo." Ndinayankha modzichepetsa kuti ndi kanthu kakang'ono chabe, mtima uli m'malere. Zomata za kufakitale pachitseko sindinamatule mpaka tsiku limene inachoka.

Amene sanakhalepo pamdadada sangadziwe kuti firiji siikhala ya munthu mmodzi. M'mawa mwake, ndisanasambe n'komwe, ndinamva odi. Anali amake mapasa ndi jumbo ya nkhuku. "Madamu, mungondisungirako mpaka Lamlungu." Ndinalandira ndi manja awiri, ndikumva kukoma. Madzulo kunabwera a khomo lachiwiri ndi nsomba zaziwisi. Kenako a lachinayi ndi mwendo wa mbuzi. Alandilodi anabweretsa mankhwala awo a shuga, ndipo amenewo ungawakanire bwanji? Pomatha mwezi nkhani inali itafika ku mdadada wa kuseri, ndi kwa amayi a kutchalitchi, amene anayamba kubweretsa zigubu za thobwa Loweruka lililonse.

Aliyense anali ndi kamangidwe kake ka jumbo kuti zisasokonekere. Amake mapasa ankamanga ndi kansalu ka chitenje, a khomo lachiwiri ndi kamphira, a lachinayi mfundo ziwiri, a kuseri ankaponyamo kapepala kolemba ndi bolopeni kamene kankanyowa n'kufufutika. Ine ndinaloweza zonsezi kuposa mayina a ana a m'kalasi mwanga. Ndinasanduka mlonda wa ndiwo za anthu. Sindinkatha kupita kulikonse osasiya kiyi, chifukwa wina akafuna kuphika n'kupeza pakhomo pali loko, nkhani yake inkamveka mpaka kumsika. Tsiku lina a khomo lachinayi anawerenga masoseji awo pamaso panga, kawiri, n'kuti anabweretsa asanu ndi atatu, ena asowa. Ndinapsa mtima kwambiri, koma mawa lake jumbo yawo ndinalandiranso.

Chopweteka kwambiri chinali magetsi. Mita inali imodzi ya mdadada wonse, ndipo tinkasonkha ndalama ya mayunitsi mwezi ndi mwezi. Alandilodi anaitanitsa msonkhano n'kunena kuti popeza madamu ali ndi firiji, ndipo firiji imadya magetsi, iwo azisonkha kawiri. Onse anavomera ndi mtima umodzi, onsewo ndiwo zawo zili mufiriji momwemo. Mwana wanga anandinong'oneza tili m'nyumba kuti, "Amayi, bwanji osunga ndiwowa aziponyako kangachepe ka mayunitsi?"

"Iwe! Ukufuna anthu aziti madamu asauka mpaka kulipiritsa anzawo malo a mufiriji? Usadzayerekezenso."

Mafirizi anga anatsala ndi kangodya kamodzi, pakati pa mitu ya nsomba ndi zipalapasiro za nkhuku. Sabata yoyamba ana anagula ndithu. Yachiwiri kamtsikana kena kanakweza dzanja m'kalasi ngati kakuyankha funso n'kuti, "Madamu, mafirizi anu akununkha usipa." Kalasi yonse inaseka, ndipo malonda anathera pomwepo. Otsalawo ankasungunuka magetsi akazima, n'kudontheza madzi ofiira pa nyama za eni ake. Kenako kunabwera chisanu cha ku Chilomoni chija, choti palibe mwana wofuna chozizira, n'kubweranso holide, malipiro osaoneka.

Ndinalumpha mwezi umodzi, ndikuti ndidzalipira iwiri pamodzi. Ndinalumphanso wina. Mauthenga anayamba kubwera pafoni, oyamba aulemu, otsatira opanda moni. Akaimba ndinkasintha mawu n'kuyankha kuti madamu atuluka, asiya foni pa chaja. Pa mwezi wachinayi anasiya kuimba, ine n'kuganiza kuti atopa.

Anabwera Loweruka m'mawa, amuna atatu a ku shopu ija ndi kalata, nthawi imene aliyense amakhala pampope kuchapa. Mkulu wawo ndinamukokera m'nyumba. "Achimwene, chonde, ndagwira mwendo wanu. Mukamatuluka nayo muzinena kuti ikukakonzedwa."

Anaseka pang'ono. "Mayi, aliyense amatipempha zomwezo." Koma anali munthu wabwino, chifukwa atafika pakhonde anakweza mawu kuti iyi yafa gasi, tikaione ku wekishopu.

Ndinaitana anthu kuti adzatenge ndiwo zawo, ndipo anafola mzere pakhomo panga, aliyense kuloza mfundo yake. Amake mapasa anapukusa mutu. "Firiji yatsopano yomweyi? Zinthu za masiku ano n'zachabechabe." Ndinavomereza mwamphamvu, mpaka kutukwanako a kufakitale. Kwa miyezi yambiri ankandifunsabe kuti kodi sinakonzekebe, ine n'kumati akudikira sipeya wochokera ku Joni. Kaya ankakhulupirira kaya ankangondisungira ulemu, sindinafune kudziwa.

M'mutu mwanga nkhani inali itatha. Katundu ndi wawo, atenga, ndalama zanga za miyezi isanu ndi umodzi adya, nanga afunanso chiyani? Makalata ankabwerabe kudzera kusukulu, ndipo ndinkayatsira mbaula osatsegula. Nambala ya foni ndinasintha. Ndinakhala zaka ziwiri ndi mtendere wa munthu wosadziwa kanthu.

Kenako mwana wanga anakhoza Fomu 4, analembera ku sukulu ina ya unamwino ya mishoni, ndipo anamutenga. Unamwino ankaufuna kuyambira ali wamng'ono, pamene ankabaya zidole zake jakisoni ndi kamtengo ka machesi. Kalata yake ndinayenda nayo khomo ndi khomo, kuwawerengera anthu mokweza, ngakhale amene sanafunse. Pansi pa kalatayo panali mawu oti theka la fizi lilipiridwe pasanathe masabata atatu, apo ayi malowo apatsa wina. Sindinade nkhawa. Malipiro anga anali atayamba kudzera kubanki, ndipo anzanga kuntchito ankatengako ngongole mosavuta.

Ndinavala suti yanga ya pa tsiku lotsekera sukulu n'kupita kubanki. Amene anandilandira anali mayi wachitsikana, wa msinkhu woti ndikanatha kumuphunzitsa. Analemba nambala ya chitupa changa pa kompyuta, anayang'ana, anayang'ananso, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, dzina lanu lili ndi vuto."

"Mwalemba molakwika. Tayambiraninso."

Anandifotokozera mofatsa kuti pali bungwe limene limasunga mbiri ya aliyense wotenga ngongole. Mabanki ndi mashopu amatumiza kumeneko mayina a amene akulipira bwino ndi amene anathawa, ndipo asanakukongoze amayamba afunsa kumeneko. Pa dzina langa panali ngongole ya shopu ya katundu wa m'nyumba, yosalipidwa kwa zaka ziwiri.

Ndinaimirira. "Ine ndilibe ngongole ndi munthu! Firiji yawoyo anabwera kudzalanda okha, ndi lole, anthu akuona! Akufuna ndiwapatsenso chiyani, chiwindi changa?"

Banki yonse inatembenuka. Chinsinsi chimene ndinabisira makomo asanu kwa zaka ziwiri ndinachilengeza ndekha kwa anthu osawadziwa odzaza holo. Mlonda anayamba kuyandikira. Mtsikana wa kubanki uja anangoti, "Khalani pansi, mayi, sindine ndinalemba." Ndinakhala.

Masabata atatu amenewo ndinayenda mpaka nsapato kutha chidendene. Mabungwe ang'onoang'ono obwereketsa ndalama onse ankafunsa ku bungwe lomwe lija, ndipo yankho linali limodzi. Mchimwene wanga wa ku Bangwe anandionetsa ngongole zake zimene zinaposa zanga. Banki mkhonde ya amayi a m'dera lathu sindinali membala, chifukwa ndinkati ndi za ogulitsa tomato. Ndinafika mpaka kwa bambo wina wa katapila ku Ndirande, amene anafuna khadi langa la kubanki ndi chiwongoladzanja choti pakutha pa miyezi iwiri ngongole ikhale itabereka inzake. Ndinakhala pa benchi yake n'kuchita masamu, ulendo uno enieni, pa chikhatho ndi bolopeni. Ndinaona kuti mwana akayamba teremu yoyamba, yachiwiri abwerera kunyumba, nyumbayo titathamangitsidwamo. Ndinadzuka n'kutsanzika.

Tsiku lomaliza litadutsa ndinamuuza mwana wanga zonse, kuyambira pa siginecha mpaka pa makalata a pambaula. Anali atagula kale nsapato zoyera pa kaunjika, atazichapa n'kuziyanika pawindo. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye malo anga apatsa wina?"

"Eee. Akuti udzalemberenso chaka chamawa."

Anapinda kalata yake bwinobwino n'kuiika m'Baibulo. Sanalire pamaso panga, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Koma taonani mtundu wa munthu amene ndinali: ndi manyazi onsewo, mawu amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Za kubankizi zisatuluke m'nyumba muno, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Lolemba lotsatira ndinabwerera kwa mtsikana wa kubanki uja, popanda suti, kukafunsa kuti dzina lodetsedwa amalichapa bwanji. Anandilembera pa kapepala zinthu zitatu: ndikatenge lipoti langa ku bungwe lija, ndikalipire ku shopu, ndipo akandipatse kalata yonena kuti ndamaliza. Lipotilo ndinakalitenga, ndipo nalonso linali lolipira. Ndinatuluka nalo ndikuwerenga mumsewu ngati mwana amene wakhala nambala yomaliza m'kalasi.

Ku shopu bambo wa taye yofiira kunalibe. Anandilozera ku kaofesi ka kuseri, kopanda chimkuzamawu, kwa bambo wina wa magalasi amene sananditchule madamu ngakhale kamodzi. Anatulutsa fayilo yanga n'kundiwerengera miyezi imene ndinalumpha, chiwongoladzanja chake, chindapusa chochedwera, ndi mtengo wa lole imene inadzatenga firiji.

"Lole yodzandilanda ndilipirenso ine?"

"Ndime yachisanu ndi chinayi, mayi."

"Nanga firiji yangayo ili kuti?"

"Sinali yanu. Mpaka mutalipira mwezi womaliza, munali mukungobwereka. Tinagulitsa kalekale, ndipo ndalama yake tinachotserako kale apa."

"Ndiye ndikulipira chiyani, mphepo?"

Anangotembenuza fomu n'kuika chala pansi pa tsamba lomaliza, pamene panali siginecha yanga ya mchira wopindika, yaikulu kuposa china chilichonse pa pepalapo. Ndinafuna kukana kuti si yanga, koma inali yokongola kwambiri moti sakanailemba wina. Tinagwirizana kuti ndizilipira mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nditachonderera kwambiri anachotsako chindapusa china.

Kulipira firiji imene ikuziziritsa madzi m'nyumba ya munthu wina n'kowawa, abale. Ndinayamba kuphunzitsa ana apadera pakhonde ndikaweruka, mpaka mawu kusasa. Mwana wanga ankakazinga mandasi m'mamawa n'kukagulitsa pa geti ya sukulu imene ine ndinkaphunzitsa, ndipo ndinkadutsa pambali pake ndi kaundula m'khwapa, mtima ukundiluma. Nyama tinaiiwala, tinkadya soya ndi masamba a pamsika wa madzulo, otsika mtengo aja. Malipiro akangolowa ndinkakwera minibasi tsiku lomwelo kupita ku shopu ndisanaone chilichonse chokoma m'njira. Malisiti ankasunga mwana wanga mu envelopu, chifukwa anati ine ndi mapepala ndi mbaula sitikhalirana bwino. Ndi chipongwe chokhacho chimene anandichitapo chaka chonsecho, ndipo ndinachilandira.

Nditamaliza, kalata yonena kuti ndamaliza inatenga maulendo anayi. Lero bwana kulibe, mawa makina osindikizira afa, mkuja bwererani Lachisanu. Ulendo wachinayi ndinapita ndi makope a ana oti ndichonge, n'kukhala pa sofa yawo yogulitsa, ya mtengo wapatali kwambiri, n'kunena kuti ndichoka ndi kalata. Kasitomala aliyense wolowa ndinkamupatsa moni n'kumufunsa ngati wawerenga ndime yachisanu ndi chinayi. Kalata inatuluka pasanathe ola. Sindinadikire kuti atumize okha, ndinainyamula ndekha mpaka ku bungwe lija, ndi kopi ina ya kubanki.

Ndinkayesa kuti basi zatha. Mtsikana wa kubanki anayang'ana pa kompyuta n'kuti, "Tsopano zikuonetsa kuti munalipira, koma munalipira mochedwa zaka ziwiri. Ngongole yaikulu ngati ya fizi sangakuvomereni msanga. Tengani kaye yaing'ono, muibweze pa nthawi yake kwa miyezi inayi, kuti pakhale mbiri ina yabwino."

"Mwana iwe, ukuti chiyani? Ngongole ndi imene inandigwetsa, ndiye kuti mundikhulupirire ndikongolenso?"

"Ndi mmene zimayendera, mayi."

Ndinatenga. Ndalama imeneyo sindinagulire ngakhale machesi. Tinaiika mu chitini cha mkaka, chitinicho mu sutikesi, kiyi wa sutikesi pakhosi pa mwana wanga. Mwezi ukatha ankatsegula, kuwerenga gawo la mweziwo, ine n'kuwonjezerapo chiwongoladzanja kuchokera m'thumba mwanga, n'kukabweza kubanki ndalama yawo yomwe ija. Ndinkalipira kuti ndalama ya eni ake igone m'nyumba mwanga. Nditamufotokozera mnzanga wina kuntchito anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Mayesero analipo. Mwana wa alandilodi ankakwatiwa, ndipo amayi onse a pamdadada anagula nsalu yofanana ya ukwati, yobiriwira ya maluwa agolide, yokongola zedi. Ndinaima kutsogolo kwa sutikesi ija n'kuyamba kufotokoza kuti tingobwerekako pang'ono, tidzabwezeretsa pakutha pa mwezi. Mwana wanga anangogwira kiyi pachifuwa n'kundiyang'ana. Ku ukwatiko ndinapita ndi chitenje chakale, ndinakhala kumbuyo, ndipo pa perekaniperekani ndinavina kamodzi kokha.

Analemberanso ku sukulu ija, ndipo anamutenganso. Ulendo uno kalata sindinayende nayo khomo ndi khomo. Ndinapita nayo kubanki m'mawa mwake, ndinawerenga fomu yonse, tsamba lililonse, ndi chala, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Ndinafunsa kuti ndikamaliza ndikhala nditalipira zingati zonse pamodzi, ndipo ndinachulukitsanso ndekha kuti nditsimikize. Patapita masiku anayi foni inalira kuti ndalama yalowa. Ndinalipira fizi tsiku lomwelo, ndipo nditatuluka ndinakhala pa masitepe a banki n'kulira ngati mwana, anthu akundilambalala.

Tsiku lonyamuka mdadada wonse unatiperekeza kutsetsereka mpaka pa siteji, wina atasenza sutikesi, wina ndowa, wina bulangeti. Ndinkayenda patsogolo, ndipo ndivomere kuti mapewa anali atayambanso kukwera. Minibasi itaima, amake mapasa anamugwira mwana wanga dzanja n'kumufumbatitsa kandalama ndi sopo.

"Mwana iwe, ulendo uno ukalimbikire. Usakalepherenso mayeso olowera ngati chaka chatha. Amayi akowa avutika nawe, taona mmene aondera."

Ena onse anavomereza kuti eee, ukalimbikire, mwayi wachiwiri subwera kwa aliyense. Mwana wanga anayang'ana pansi n'kuti, "Ndamva, amayi. Zikomo."

Mayeso ati? Kenako ndinamvetsa chifukwa chake chaka chonse palibe anandifunsapo kuti nanga mwana sanapite bwanji, chifukwa chake amayi a pampope ankasiya nkhani ndikafika, n'kumandiyang'ana mwachisoni. Ine ndinkati ndi ulemu wa umadamu. Kondakitala ankakuwa kuti tiyeni tiyeni, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinagwedeza mutu ngati ndikugwirizana nawo n'kukwera.

Tinakhala mpando wakumbuyo, ndowa ili pamiyendo. Titadutsa masiteji awiri ndinamufunsa.

"Unawauza chiyani anthu aja?"

"Kuti anatiitananso kukalemba mayeso ena, ine n'kulephera."

"Chifukwa chiyani?"

"Munati za kubanki zisatuluke. Kalata munali mutawawerengera onse. Pampope ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti ukupita liti. Ndikanati chiyani?"

"Chaka chonse anthu akukuyesa mbuli, iwe uli chete?"

"Zinatha, amayi." Anavula kiyi wa sutikesi yakale ija pakhosi n'kundipatsa. "Envelopu ya malisiti ili momwemo. Kubanki muzipita tsiku lomwe malipiro alowa, musamadikire."

Ku depoti ndinamukweza basi, ndinamugulira madzi ndi nthochi, ndinaima mpaka basi inatuluka pa geti. Sindinathe kumupepesa. Iye ankangondiuza kuti ndizipita dzuwa lisanakule.

Chikweza cha kwathu ndinachikwera pang'onopang'ono tsiku limenelo. Nditafika pamdadada sindinatsegule kwanga. Ndinaima pa khomo loyamba, pamene amake mapasa ankasankha tomato woti apite naye kumsika.

"Odi."

"Lowani, madamu. Wakwera?"

"Wakwera. Tasiyani kaye tomatoyo, amake mapasa, ndili ndi mawu." Ndinakhala pansi pa simenti, pambali pa dengu lawo. "Mwana uja sanalepherepo mayeso alionse. Anakhoza chaka chatha ngati mmene wakhozera chaka chino. Fizi ndi imene inasowa, chifukwa ine ndinathawa ngongole ndipo kubanki anandikana. Ananama kuti abise manyazi anga, ndipo ndinamutuma ndine."

Anabwezera tomato m'dengu. Kenako anati, "Mayo, mwana ameneyu. Ndipo ine ndamunyoza pa gulu."

"Simunamunyoze inu."

Ndinadzuka, ndinasasa fumbi pa siketi, n'kupita kukagogoda khomo lachiwiri.